A Folomani ndi Zisa za Dongo

A Alufandika anamwalira mu Okutobala, nyengo ija m'chigwa muno ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Ndinapita kumaliro chifukwa anali amuna awo a azakhali anga, ndipo kusaoneka kukanayambitsa nkhani. Ndinakhala kumbuyo n'kumamvetsera anthu akuimirira mmodzimmodzi. Wochokera ku esiteti ya nzimbe kumene malemuwo ankagwira ntchito anati chigwa chataya katswiri. Mkulu wa mpingo anawatcha munthu wokonda mpweya wabwino. Palibe anatchula a Bizeki a kuchigayo. Palibenso anatchula azakhali anga a Chanaze, chonsecho anali pamphasa pomwepo, atangofika m'mawa womwewo kuchokera ku Nsanje. Ine ndinawotcherera zitsulo m'shedi mwa bambowa zaka zambiri, ndiye ndati ndilembe zimene ndinaona.

Dzina loti Alufandika sankalifuna. Aliyense ankayenera kuwaitana kuti a Folomani, ngakhale patapita zaka chipumireni pa ntchito. Ana awo ankawaitana choncho, mkazi wawo chimodzimodzi. Ine tsiku lina ndinayesa kunena kuti amalume, iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kundifunsa ngati ndinaonapo galaja yoyendetsedwa ndi malume.

Anali wamtali, wowonda, ndipo ankavala ovolosi yabuluu yosita bwino ngakhale dzuwa liswe mtengo. M'thumba la pachifuwa munkakhala kansalu koyera. Galimoto ikaima pafupi ndi shedi yawo, pamsewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Nsanje, ankadzuka osaitanidwa, kukagwira kansaluko kukamwa kwa ekizozi, kenako n'kukaonetsa kwa dalaivala pamaso pa anthu okwera. Ankamuuza kuti munthu woyenda ndi injini yofuka sasiyana ndi wokodzera m'chitsime chimene anzake amamwa. Madalaivala a minibasi anafika pomaimira patali, kuseri kwa msika, kuti asakumane nawo. Akapsa mtima Chimang'anja chinkawathawa, n'kuyamba kulalata m'Chisena. Mawu awo okondedwa anali akuti nkhabe, kutanthauza kuti ayi. Uwapemphe magalasi owotcherera, nkhabe. Uwauze kuti mwana wako wagonekedwa kuchipatala ukufuna kupitako, nkhabe, umalize kaye chitini ichi.

Nkhani ya zisa inayambira ku esiteti. Kunabwera mathirakitala ndi malole atsopano okokera nzimbe, ndipo pa ekizozi iliyonse panali chitini chachikulu. M'kati mwake munali chinthu choyera chonga chisa cha njuchi, chadongo lowotcha, chokhala ndi timabowo tambirimbiri. M'timabowomo anapakamo fumbi la zitsulo zodula. Utsi wa dizilo ukadutsamo uli wotentha, umapsanso kachiwiri, ndiye umatuluka wopanda fungo lija loboola m'mphuno ndi kuliza maso. Kumene anazipanga mwina zimakhalitsa. Kuno sizinkachedwa. Dizilo wathu ankazipha, fumbi ndi phulusa la nzimbe zinkazitseka, komanso malole ankakhala nthawi yaitali pamzere wa kufakitale injini ikungolira pang'onopang'ono, chisa osatentha mokwanira. Lole ikayamba kufooka, dalaivala ankangotenga chitsulo n'kuswa chisacho kuti utsi uzituluka momasuka. Kenako kunayamba kubwera anthu a m'tauni ogula zidutswazo chifukwa cha zitsulo zodula zija.

A Folomani anadana nazo zimenezi kuposa mmene ankadanirana ndi tchimo lililonse. Ankagogoda zitini ndi sipanala m'mawa uliwonse kuti amve ngati muli kanthu. Dalaivala wina wa ku Lundu, bambo wa ana asanu, anamupeza ndi zidutswa ziwiri m'chikwama cha chakudya. Munthuyo anagwada m'galaja ya ku esiteti, pa oilo, n'kupepesa. Iwo anamutengera okha ku ofesi ndipo ntchito inatha tsiku lomwelo. Mpaka ukalamba ankaisimba nkhaniyi monyadira. Chimene sankasimba n'chakuti tsiku limene iwo ankapuma pa ntchito anatuluka pageti ndi matumba a zidutswa zomwezo, atalembetsa kuti ndi zinyalala. Matumbawo ndinawatsitsa m'ngolo ndine.

Anamanga shedi pafupi ndi msika n'kulengeza kuti apanga chisa cha m'chigwa, chopirira dizilo wathu ndi kutentha kwathu, choti chikhale zaka osasweka. Anali ndi buku lalikulu lojambulamo mapulani, ndipo palibe ankaloledwa kuligwira. Chaka choyamba sanatulutse kanthu. Ankaumba dongo ngati chipika, n'kuliboola ndi masipoko a njinga, n'kuliika mu uvuni. Zina zinkaphulika momwemo. Zotuluka zamphumphu tikaziika pa injini, zikatentha n'kuzizira kangapo zinkang'aluka, n'kuyamba kulira ngati miyala m'chitini. Chisa chikasweka wolakwa ndinali ine, ati ndawotcherera mothina, kapena nkhuni, kapena mphepo.

Azakhali anga anali woumba mbiya. Anaphunzira kwa amayi awo, ndipo mitsuko yawo inkadziwika mpaka ku boma la Chikwawa kuti madzi amazizira ngakhale mu Okutobala. Anali munthu wosalankhulalankhula. Tsiku lina atabweretsa chakudya kushedi anatola chidutswa cha chisa chosweka, anachifikisa pakati pa zala, n'kunena motsitsa mawu kuti dongo lopanda phale silipirira moto. Anafotokoza kuti pamafunika kusinja mapale akale n'kusakaniza ndi dongo latsopano, kenako kuumika pamthunzi, pansi pa masaka, kwa masabata, osati padzuwa. Za mabowo anati masipoko amang'amba dongo m'kati. Bwino kumanga mapesi a udzu wa tsekera pamodzi, kuwamata dongo lamadzimadzi, ndiye udzuwo ukapsa mu uvuni usiya timabowo tosalala tokhatokha.

A Folomani anaseka mpaka kutsokomola. Anawauza kuti mbiya ndi ya madzi ndi mowa, injini ndi ya anthu amene anakhalapo m'kalasi, ndipo atenge mbale zawo azipita. Patatha masabata atatu anandiitana, anatsegula buku lija n'kundionetsa chojambula cha mtolo wa udzu. Anati nzeru imeneyi inawabwerera akusinkhasinkha za mmene amapangira kunja. Ananena zimenezi akundiyang'ana m'maso, akudziwa kuti ndinalipo tsiku lija.

Kuyambira pamenepo ntchito yonse yolemetsa inagwera azakhali. Ndiwo ankapita kudambo kufupi ndi Shire kukakumba dongo n'kulisenza pamutu. Ndiwo ankasankha udzu, kuumba, kuyang'anira moto. Zidutswa za ku esiteti zija ankazisinja mumtondo mpaka zikhale ufa, kuusungunula m'madzi n'kumiviikamo zisa zatsopano kuti fumbi la zitsulo zodula limatirire m'timabowo. Ufa umenewo unkawalowa m'chifuwa, ndipo chifuwacho ali nacho mpaka lero. A Folomani ankaimirira pambali ndi wotchi m'manja n'kumanena kuti achedwa.

Ndisaname, zisazo zinkagwira ntchito. Sizinkafika pa zakunja, ndipo pakapita miyezi zinkafooka, koma pa injini ya chigayo, imene imalira tsiku lonse ili yotentha, kusiyana kwake kunkaoneka. A Bizeki, mwini chigayo cha pamsika, ndiwo anayamba kuyesa. Kale amayi odikira pamzere ankaphimba mphuno ndi zitenje, ana kumbuyo akulira ndi utsi. Titaikapo chisa, amayiwo anayamba kukhala pakhonde la chigayo n'kumacheza. A Bizeki anali munthu wansangala, wonenepa, ndipo ankawatama a Folomani paliponse. Eni zigayo ena anabwera kuchokera kutali. Pa nkhani ya utsi bambowa sankalakwa, ndipo mwina ndicho chinkawawa kwambiri, chifukwa munthu ukamuda umafuna azilakwa pa zonse.

Mbiri inakwera phiri mpaka ku Blantyre. Kunabwera mphunzitsi wa kusukulu ya ukachenjede ndi ophunzira ake kudzaona. M'mawa wa tsikulo a Folomani analamula kuti mbiya zonse za azakhali zichotsedwe pabwalo, ndipo iwo eni akakhale kukhitchini mpaka ataitanidwa kubweretsa madzi akumwa. Alendo anajambula zithunzi, anagogoda zisa, anafunsa mafunso. Mtsikana wina mwa ophunzirawo anafunsa kuti amaumba ndani, popeza ntchitoyo inkaoneka ya munthu wozolowera dongo. A Folomani anatambasula manja awo osalala aja n'kunena kuti, "Manja ake ndi awa." Nthawi imeneyo azakhali anali atagwada pambali ndi jagi ya madzi, zikhadabo zawo zili zofiira ndi dongo.

Pochoka, mphunzitsi uja ananena mawu amodzi osaganizira, akuti zisa zakunja zimakhala ndi timabowo tating'ono kwambiri ndi makoma opyapyala, n'chifukwa chake zimayeretsa utsi bwino. Mawu amenewo anawalowa a Folomani ngati munga. Kwa masiku angapo sankalankhula za china.

Nthawi yomweyo chisa cha pa chigayo cha a Bizeki chinali chitatopa, ndipo ankafuna china. Chinali chaka chovuta, mvula inadula msanga, ndipo chimanga chochepa chimene anthu anapeza ankachisamala ngati mankhwala. A Folomani analamula azakhali kuti asankhe udzu wowonda kwambiri, aupanikize wambiri, dongo likhale lochepa. Azakhali anachita zimenezo koma anati chinthu chotere chifunika kuuma nthawi yaitali kuposa zinzake. A Folomani anakana, ati a Bizeki akudikira ndipo alendo aja akhoza kubweranso. Chinalowa mu uvuni chisanaume bwino. Chitatuluka, azakhali anachigogoda ndi chala n'kuchiika kukhutu. Anati sichikulira bwino, chili ndi mng'alu m'kati, ndipo anapempha kuti tisachiike pa injini, aumbe china. Ndinamva ndi makutu anga. A Folomani anayankha liwu lawo lija limodzi, n'kundiuza kuti ndiyatse makina. Ndinachitsekera m'chitini, ndinawotcherera, tinakachimanga pa chigayo.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, chisacho chinagumuka m'kati n'kutseka njira ya utsi. Mwaye umene unadzazana m'menemo unayaka. Amayi amene anali pamzere amati injini inayamba kulira mobanika, chitini chinafiira, kenako panatuluka zothetheka zimene zinagwera pakhoma la bango. M'chigayo mumakhala fumbi la ufa paliponse, ndipo pakona panali chigubu cha dizilo. Ife tinaona utsi tili kushedi. Pamene tinkafika denga linali litagwira kale. A Bizeki anathamangiramo kukazimitsa injini, n'kubwereranso kawiri kukakoka matumba a anthu. Ulendo wachitatu anachita kutulutsidwa ndi anzawo. Manja onse awiri anali atapsa, ndi mbali imodzi ya nkhope. Palibe anafa, koma chimanga cha mabanja ambiri chinasanduka makala. Ndimakumbukira mayi wina atakhala pansi, akusefa phulusa ndi zala kufuna maso a chimanga otsala.

A Folomani anaima patali, manja kumbuyo. Moto utazilala anandituma kuti ndikamasule chitini chija ndibwere nacho kushedi anthu asanachione. Ndinakana, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndinawakanirapo kanthu. Ndikanakonda kukana kwanga kukanapitirira pamenepo.

Komiti ya pamsika inaitanitsa nkhaniyo pansi pa mtengo wa nimu. Anthu anadzaza, makamaka amayi amene chimanga chawo chinapsa. A Bizeki anali akadali kuchipatala ku Chikwawa, ndipo m'malo mwawo munabwera mkazi wawo. A Folomani anafika ndi ovolosi yosita, buku lija lili kukhwapa. Anatsegula masamba, anafotokoza za kutentha ndi za mpweya mpaka anthu anayamba kung'ung'udza. Wapampando anawadula n'kuwafunsa mwachindunji kuti chinalakwika n'chiyani. Anatseka bukulo bwinobwino.

"Pulani ilibe vuto, aliyense wodziwa akhoza kuiona," anatero. "Chinalephera ndi dongo. Ine dongo sindiligwira. Amakumba ndi mayi awa, amaumba ndi mayi awa, amawotcha ndi mayi awa. Kulakwa kwanga n'kumodzi, ndinawakhulupirira."

Aka kanali koyamba kuvomera pagulu kuti zisa zija ankaumba ndi mkazi wawo. Maso onse anatembenukira kwa azakhali. Wapampando anawafunsa ngati zinali zoona kuti anaumba ndiwo. Azakhali anayang'ana amuna awo kanthawi, kenako anayang'ana pansi.

"Inde, ndinaumba ndine," anatero.

Kenako wapampando anafunsa ine, poti ndine ndinamanga chitinicho. Ndinali ndi banja, ndipo ntchito ina pamsika paja panalibe. Ndinati ine ndimangowotcherera zimene andipatsa. Sindinaname, koma ndimadziwa chimene ndinachita.

Komiti sinawalange azakhali, inangoti zinali ngozi ndipo mabanja akambirane. Chilango chinabwera chokha. Tsiku la msika lotsatira palibe anagula mbiya yawo ngakhale imodzi. Kunayamba mphekesera yoti dzanja lawo ndi lamoto, mphika wawo ukauika pamafuwa uphulika. Mayi wina amene anataya thumba lathunthu anafika pamene ankagulitsira, ananyamula mtsuko waukulu n'kuuphwanya pamapazi awo. Azakhali anatola mapale, anawamanga m'chitenje n'kubwerera kunyumba. A Folomani atamva anangoti anthu osaphunzira ndi otero, n'kufunsa ngati chakudya chapsa. Mwezi usanathe azakhali anakwera minibasi ya ku Nsanje, kupita kwa bambo anga, ndi kachikwama kamodzi. Sanaumbenso mbiya kuyambira pamenepo.

A Bizeki anatuluka m'chipatala zala zitamatirirana. Chigayo sanachimangenso. A Folomani sanapiteko kukawazonda, kuchipatala kapena kunyumba. Akakumana pamsewu ankawapatsa moni ngati palibe chinachitika, ndipo tsiku lina ndinawamva akuuza munthu kuti motowo unakula chifukwa a Bizeki sankasesa chigayo chawo.

Amene amawakonda a Folomani amakonda kukamba za chaka china cha madzi osefukira, kale moto uja usanachitike, pamene injini ya boti lopulumutsira anthu inafa pagombe. N'zoona, a Folomani anaimirira m'madzi ofika m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anaimasula injiniyo n'kuibwezeretsa, ndipo botilo linakatenga anthu amene anali m'mitengo. Sindikuchotsapo kanthu. Koma mabanja amene anapulumukawo sanapumenso. Akakumana nawo pamsika ankawakumbutsa mokweza kuti pakanapanda iwo bwenzi ali m'mimba mwa ng'ona, mpaka ena anayamba kusintha njira.

Azakhali atachoka, palibe chisa chinatulukanso champhumphu mu uvuni muja. A Folomani analemba amayi ena awiri oumba mbiya, koma onse anasiya pasanathe mwezi chifukwa cha kulalata. Anayesa okha, n'kuona kuti manja awo sadziwa ngakhale kuti dongo lakwana madzi. Ankati dambo linaonongeka ndi madzi osefukira, kapena kuti udzu wa masiku ano ndi wosiyana ndi wakale. Ine ndinachoka n'kukayamba kuwotcherera mawindo ndi zitseko kwina. Ana awo aamuna awiri anali atathawa kale, wina ku Blantyre wina ku Mozambique, ndipo ankangotumiza moni. Zaka zomaliza ankakhala okha pampando pakhomo pa shedi, maso atachita khungu pang'ono, akujambulabe m'buku mizere imene iwo eni sankaiona. Abale anawalangiza kangapo kuti apite ku Nsanje akapepese. Anati amene anachoka yekha abwerenso yekha.

Titaika maliro ndinaperekeza azakhali kukakwera galimoto. Akalamba, ndipo amayenda akupumira chifukwa cha chifuwa chija. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezi, loti n'chifukwa chiyani sanauze anthu pansi pa nimu paja kuti anawachenjeza amuna awo. Anayankha akuyendabe.

"Anandifunsa ngati ndinaumba, ndinayankha. Zoti ndinachenjeza, woyenera kunena anali amene anamva."

Sananene mokalipa. Minibasi itafika anandipatsa kachikwama kawo kuti ndiwakwezere, anandiuza kuti ndipereke moni kwa ana, n'kukwera.

Sabata yatha ndinadutsa pashedi paja. Ana awo anazula malata n'kugulitsa zitsulo zonse kwa ogula zakutha, moti pangotsala mizati ndi chitseko chimodzi chotsamira mzati, loko akadali pomwepo ngakhale mbali zonse zili pululu. Uvuni unagumuka mbali imodzi, ndipo nkhuku ya wina ikuikiramo mazira. Pansi pamene pankatayikira oilo ndi pakuda, polimba, sipamera kanthu. Kuseri kwa shedi kuli mjigo umene amayi a kumsika amatungako madzi, ndipo njira yachidule yopita kumeneko ndi yodutsa pabwalo pomwepa. A Folomani ankaletsa aliyense kupondapo, wodutsa ankamuthira madzi a batire pamapazi. Ndinakhala pa njerwa kwa kanthawi n'kumaona amayi akubwera ndi ndowa zawo. Mpanda kulibe, woletsa kulibe, koma aliyense akafika pangodya ya bwalolo ankakhota n'kuzungulira njira yaitali ya kuminga.